Mawu Akasasa M'chisanu cha ku Dedza

Ana inu a kumapiri kuno, mwezi wa Juni ukafika palibe amene amachita kuuzidwa. Boma la Dedza lakhala pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo phiri lomwe lili kumsana kwake limapitirira mamita 2,000. Chiperoni chikatsika ndi nkhungu yake, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chongoni anthu amadzuka atadzikulunga mpaka kumutu, moni wam'mawa n'kumatuluka movutikira. Wina akufuna kunena kuti mwadzuka bwanji, koma chomveka ndi mpweya wokhawokha. Wina akumeza malovu atatsinzina chifukwa cha ululu. Iyi ndi nyengo ya zilonda zapakhosi ndi kusasa mawu, ndipo agogo anu amene aona zisanu zambiri ali ndi zoti akuuzeni, pakuti matenda amenewa ambiri amatha okha, koma ochepa mwa iwo amatenga moyo wa munthu amene wawachedwera.

Yambani mwadziwa chimene chimadwala. Gwirani pakhosi panu kutsogoloku, pamene pali kachichereŵechereŵe kotumphuka kamene kamaoneka kwambiri mwa anyamata akatha msinkhu. Limenelo ndi kholingo, khomo la njira ya mpweya yopita kumapapo. M'kati mwake muli timinofu tiwiri topyapyala, tosatalika kuposa mfundo imodzi ya chala. Munthu akamapuma timatseguka. Akafuna kuyankhula timayandikana, mpweya wochokera m'mapapo n'kumatinjenjemeretsa. Mwa bambo timanjenjemera maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi, mwa mayi kuposa 200. Timinofuti tikatupa timalemera, sitigundananso bwino, ndipo mawu amatuluka monga imalirira ng'oma imene chikopa chake chagona pamame, isanawambidwe pamoto. Kumbuyo kwa kholingo ndiye kuli mmero, njira ya chakudya. Munthu woyamba kudzionera timinofu take tikugwira ntchito anali mphunzitsi wa zoimba wa ku Spain, Manuel García, amene m'chaka cha 1854 adagwiritsa ntchito kagalasi kakang'ono ndi kuwala kwa dzuwa. Mpaka lero madokotala amaona kholingo ndi kagalasi kapena ndi kachipangizo kokhala ndi getsi kumapeto kwake.

Anthu amati kuzizira ndiko kwawadwalitsa. Kuzizira kumangotsegula khomo. Olowa ndi mavairasi, omwe aja a chimfine. M'nyengo ya chisanu anthu amaunjikana m'nyumba zotseka, minibasi yopita ku Lilongwe imayenda mawindo onse atatsekedwa, ana amathinana m'kalasi kuti afundane. Mmodzi akayetsemula, onse alandira. Choncho mwana wanzeru amatsokomolera pachigongono, amasamba m'manja ndi sopo asanadye, samwera kapu imodzi ndi wodwala, ndipo sachita manyazi kupempha kuti windo limodzi litsegulidweko pang'ono ngakhale anzake akumung'ung'udzira.

Mdani wachiwiri ndi utsi. Nyumba zambiri m'dziko muno zimaphikira nkhuni ndi makala, ndipo kuno kumapiri moto suthera pophika. Nsima ikadyedwa banja lonse limatsalira m'khitchini, chitseko chotseka, nkhuni zaziwisi zikufuka, maso akutuluka misozi, koma palibe wofuna kutuluka. Akale adati pakadafunda padajiwitsa. Utsi umene wadetsa denga la khitchini mpaka kuchita mwaye ndi womwewo ukudutsa pakholingo la mayi ndi la mwana ali kumsana, tsiku ndi tsiku. Umitsani nkhuni mvula isanayambe, boolani kawindo pamwamba pa khoma la khitchini, ndipo amene angathe aumbe kapena agule chitetezo mbaula, imene imadya nkhuni zochepa ndipo imanyamulika kukaphikira pakhonde. Chinthu chimodzi musachiyese n'komwe: kugona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, ndipo m'dziko muno anthu afapo ali m'tulo chifukwa cha zimenezi.

Chisanu chikatha, Ogasiti mpaka Okutobala amabwera ndi fumbi, moto wolusa m'tchire ndi utsi wa mauvuni a njerwa. Anyamata ocheka matabwa m'nkhalango za paini amameza utuchi tsiku lonse. Kansalu kapena masiki otseka mphuno ndi pakamwa, ndi botolo la madzi pambali, zimapulumutsa pakhosi pa munthu wotere.

Pali anthu amene khasu lawo ndi mawu. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, makalasi adadzaza, ndipo si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 a Sitandade 1, nthawi zina pansi pa mtengo, mphepo ikumulanda mawu. Atsikana amene akuphunzira za uphunzitsi ku St Joseph's ku Bembeke akupita kuntchito yotereyi. Pamodzi nawo pali oitanira mabasi padepoti, amayi othamangira magalimoto ndi ndowa za kachewere pamphambano ya Bembeke, mavenda a pa Chimbiya, alaliki a pamsika, atsogoleri a kwaya, amayi oimba usiku wonse pasiwa, ndi anyamata amene amabwera kochemerera Dedza Dynamos mawu ataguga. Kukuwa kumagundanitsa timinofu tija mwamphamvu. Tsiku limodzi timangotupa n'kuchira. Koma munthu akamakakamiza mawu miyezi ndi miyezi, pamalo pogundanapo pamamera timatuza tolimba, ndipo kusasa kumakhazikika. Izi sizisankha wolemera kapena wosauka: woimba wotchuka wa ku England, Adele, adaimitsa maulendo ake oimba m'chaka cha 2011 atatuluka magazi pa kamnofu ka mawu, mpaka adakachitidwa opaleshoni ku Boston.

Mphunzitsi wodziwa ntchito sapikisana ndi phokoso la ana. Amaomba m'manja, amaliza kabelu kapena amayambitsa kanyimbo kotontholetsa kalasi, kenako n'kuyankhula motsitsa atayandikira pakati pawo. Mtsogoleri wa kwaya wanzeru amayamba ndi kung'ung'uza pang'onopang'ono asanakwere pamwamba, ndipo tsiku limene ali ndi chimfine amasiyira mnzake. Pamaliro nyimbo zimayambitsidwa mosinthana kuti kholingo limodzi lisasenze usiku wonse.

Nanga mawu akasasa kale? Mankhwala aakulu ndi kukhala chete, ndipo amenewa ndi amene achinyamata amawakana. Kutupa kobwera ndi chimfine kumatha pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri munthu akalipumitsa kholingo. Yankhulani zofunika zokha, motsitsa, ndi mawu anu enieni. Kunong'ona kumaoneka ngati kupumitsa, chonsecho kumaumitsa ndi kukoka timinofu tija. Lekaninso chizolowezi chokhosomola mwadala kuti muchotse makhololo. Mezani malovu kapena imwani madzi pang'ono. Madzi ofunda amwedwe pafupipafupi tsiku lonse, chifukwa m'nyengo yozizira ludzu silimveka ndipo anthu amaiwala kumwa. Sungunulani theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche pakhosi n'kulavula, kangapo patsiku. Uchi wa m'nkhalango zathu, wothira m'madzi ofunda a ndimu kapena a jinja, umafewetsa pakhosi ndi kuchepetsa chifuwa cha usiku, koma mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale kadontho, chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo timene thupi la khanda silingalimbane nato. Ululu ndi kutentha thupi zimatsika ndi Panado pamlingo woyenera msinkhu. Asipirini si wa ana. Amene akufuna kufukiza nthunzi achite mosamala, ndipo asafunditse mwana bulangete pamwamba pa mphika wowira. Ana ambiri apsa moopsa chifukwa cha chikondi chotere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adzukulu. Kholingo silichira mothamangitsidwa.

Pa za tiyi pali chenjezo. Kuno anthu amanyadira kumwa tiyi kapena phala likadali lobwadamuka, akuti lithamangitse chisanu. M'chaka cha 2016 akatswiri ofufuza za khansa a bungwe la World Health Organization adalengeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimathandizira khansa ya kummero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kudikira mphindi zochepa kuti kapu ipoleko sikuchotsa kukoma kwa tiyi.

Tsopano za makapisozi. Mnyamata akangomva pakhosi pakukanda amathamangira kugolosale kapena kwa venda, n'kugula Amoxyl anayi kapena Bactrim awiri, kumwa lero ndi mawa, basi. Pakatha masiku n'kuchira amatamanda makapisozi, osadziwa kuti akadachira ndithu. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, ndipo pa mavairasi a chimfine sagwira ntchito. Choipa chake n'chakuti kumwa mwachisawawa, mlingo wosakwana, kumaphunzitsa mabakiteriya a m'thupi kupirira, ndipo tsiku limene chibayo chenicheni chidzabwere mankhwala omwewo adzakhala opanda mphamvu. Madokotala m'zipatala zazikulu za m'dziko muno akukumana kale ndi matenda amene sakumva mankhwala omwe kale ankachiza mosavuta. Safunsa adadya phula. Woyenera kunena ngati pakufunika makapisozi ndi wachipatala amene waunika pakhosipo.

Ndipo ilipo nthawi imene amafunikadi, imene mlongo kapena mchimwene aliyense wolera ang'ono ake ayenera kuidziwa. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 akadwala pakhosi mwadzidzidzi, thupi litatentha kwambiri, akulephera kumeza, m'mbali mwa mmero mutatupa ndi kuchita mafinya oyera, mwanabere atatuluka pansi pa chibwano, koma alibe chimfine kapena chifuwa, kawirikawiri amakhala atagwidwa ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus. Pakhosipo pamatha kupola pokha, makolo n'kupuma. Koma mwa ana ena, pakapita masabata awiri kapena atatu, thupi limayamba kudzimenya lokha: mfundo za miyendo ndi manja zimatupa mosinthanasinthana, ndipo timakomo ta mumtima timawonongeka. Zikabwerezabwereza, mtsikana amafika zaka 20 akubanika akangokwera kachitunda, ndipo pathupi poyamba pamamuika pangozi. Matenda a mtima otere ndi ofala kuno ku Africa, chonsecho amapewedwa ndi penisilini wa masiku 10 kapena jakisoni imodzi. Mwana wotere apite kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala amalize onse ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachitatu.

Makanda ndi ana ang'onoang'ono ali ndi njira ya mpweya yopapatiza, kotero kutupa kumene kwa wamkulu kumangosasitsa mawu, kwa iwo kungathe kutseka mpweya. Pali chifuwa china chouma, chomveka gwe gwe gwe, chimene chimakula usiku mwa ana osakwana zaka zisanu. Ambiri amachira akafungatiridwa atakhala tsonga, akuyamwa ndi kumwa, osalizidwa. Koma mwana akamalira fyii pakhosi pokoka mpweya ali phee, chifuwa chikamalowa m'kati, milomo ikasintha mtundu, akamachucha dovu chifukwa cholephera kumeza, kapena akakana kugona chagada n'kumakhala ataweramira kutsogolo kukamwa kuli yasa, imeneyo ndi ngozi ya usiku womwewo. Musamulowetse chala kapena sipuni kukamwa kuti muone, musamumwetse mankhwala azitsamba mokakamiza, musadikire kuti kuche. Dzutsani wa kabaza kapena wa njinga yamoto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mnyamata amene wagogoda zitseko usiku kufunira transipoti mwana wa mnansi wachita ntchito ya munthu wamkulu.

Agogo a agogo anu adaona ana akufa ndi matenda otsekereza pakhosi amene lero ambiri a inu simunawaonepo. Chimene chidasintha ndi katemera. Kuyambira 2002 ana a m'Malawi amalandira katemera mmodzi woteteza matenda asanu, akakwana masabata 6, 10 ndi 14, ndipo awiri mwa matendawo ndi amene amatseka pakhosi: diphtheria, imene imayala kachikopa kotuwa kummero, ndi bakiteriya wa Hib, amene amatupitsa kachivindikiro ka pakholingo. Katemera wa chikuku, wa pa miyezi 9 ndi 15, amatetezanso kholingo, pakuti chikuku nacho chimatha kulitupitsa. Inu amene mwayamba kubereka, tsiku la sikelo musalisinthanitse ndi tsiku la msika, ndipo mlangizi wa zaumoyo akafika m'mudzi mutulutsireni kabuku ka mwana.

Ena amasasa mawu m'mawa uliwonse popanda chimfine, akumva ngati pakhosi pakhala kanthu kosamezeka, m'kamwa mukuwawasa. Gwero lake nthawi zambiri ndi chilungulira. Asidi wa m'mimba amakwera kummero munthu akagona, n'kumawaula kholingo usiku wonse. Kuno kumazizira msanga, ndiye anthu amadya nsima yambiri n'kulowa m'mabulangete nthawi yomweyo. Achinyamata amaonjezera tchipisi cha pachiwaya chothira tsabola ndi zakumwa za gasi. Idyani msanga, papite maola awiri kapena atatu musanagone, kwezani kumutu kwa bedi ndi njerwa, ndipo chikapitirira kafunseni kuchipatala m'malo momangonyambita soda.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya fodya ndi kachasu. Mnyamata amayamba chingambwe kudimba akuti chimatenthetsa thupi, amayamba kabotolo akuti kamachotsa chisanu. Zoona zake n'zakuti mowa umangobweretsa kutentha pakhungu pamene thupi likutaya kufunda kwake. Fodya yekha ndiye gwero lalikulu la khansa ya kholingo, mowa nawo umaiyambitsa, ndipo ziwirizi zikakumana ngozi imachulukirachulukira. Khansa imeneyi imayamba mwakachetechete. Chizindikiro chake choyamba kawirikawiri ndi mawu osasa osapweteka, ndipo chifukwa sapweteka munthu amangoti ndi mawu a ukalamba kapena a mowa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ikapezeka idakali pa kamnofu ka mawu imachizika mwa anthu ambiri; ikachedwa, munthu amataya kholingo lonse kapena moyo umene.

N'chifukwa chake pali mlingo umodzi woti muusunge pamtima: masabata atatu. Mawu a munthu wamkulu akasasa kupitirira masabata atatu, makamaka wosuta kapena womwa, ayenera kuonedwa m'kati. Asadikire ngakhale masabata atatuwo ngati akulavula magazi, ngati patuluka chotupa cholimba pakhosi, ngati khutu limodzi likuwawa pomeza, ngati akuonda, ngati mpweya ukuvuta, kapena ngati nsima yayamba kuima pachifuwa mpaka wasiya n'kumangomwa phala.

Si nthawi zonse pamene imakhala khansa. Chifuwa chachikulu chimathanso kukwera kukholingo. Munthu wosasa mawu amene akutsokomola kwa masabata awiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, akayezetse makhololo. Kuyeza ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo kuchedwa kwake kumapatsira a m'nyumba mwake. Zoyera zomata lilime ndi m'kamwa mwa munthu wamkulu, pamodzi ndi ululu pomeza, nthawi zambiri zimasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo ndi chifukwa chokwanira chokayezetsera magazi. Ma ARV akuperekedwa mwaulere m'dziko muno chiyambire 2004, ndipo anthu amene ankalephera kumeza ngakhale madzi lero akulima kachewere. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kuchedwa kwina kumabwera ndi kuganizirana. Woimba wa kwaya akatsekeka mawu amati wamuchita ndi mnzake wansanje. Bambo wa milandu akasasa amati amutchera pabwalo. Miyezi imatha banja likuyenda kwa asing'anga, mbuzi zikutha m'khola, abale akudana, chotupa chikukula. Ana inu amene mwapita kusukulu, musanyoze akulu anu pa zimenezi, pakuti munthu wonyozedwa amaumirira. Apempheni mwaulemu kuti, pa zonse zimene akuyesa, alole kuti dokotala aoneko pakhosipo sabata yomweyo.

Njira yake ndi yodziwika. Imayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ku Lobi, ku Mayani kapena ku Kasina, kenako chipatala cha boma pa Dedza, ndipo kukafunika kuunika kholingo amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, kumenenso kuli malo othandizira odwala khansa. Akatswiri a makutu, mphuno ndi pakhosi ndi ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zingapo Pulofesa Wakisa Mulwafu wa pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndiye anali Mmalawi yekhayo wochita maopaleshoni a mbali imeneyi, ndipo adayesetsa kuphunzitsa ma clinical officer kuti thandizo lifike m'maboma. Pokhala kuti mzere ndi wautali, kalata yotumizira kuchipatala chachikulu isagone m'chikwama kudikira kuti mbatata zigulitsidwe.

Akulu ambiri sapita okha kuchipatala. Malume amene akhala akusasa kuyambira nthawi yokolola adzanena kuti ndi chimfine chabe, agogo aakazi amene asiya nsima adzanena kuti alibe chilakolako. Ntchito ya mdzukulu ndi kuwerenga masabata, kusonkhetsa abale ndalama ya minibasi, kunyamula kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwala wamwa, ngakhale ogula kwa venda, n'kuwaperekeza. Mukalowa kwa dokotala, musangoti akudwala chifuwa. Nenani mwezi umene mawu adayamba kusasa, nenani ngati amasuta kapena kumwa ndipo kwa zaka zingati, nenani ngati chakudya chikuima pomeza ndi ngati zovala zayamba kukhwepa, ndipo musanatuluke funsani tsiku loti mubwerenso ngati sipakhala kusintha.